Mlonda wa Tulo ta Wodwala: Ulendo wa Namwino Wofuna Kuphunzira Zogonetsa Odwala ku Amereka

Aliyense amene anaperekezapo m'bale wake ku opaleshoni amadziwa momwe nthawi imatalikira munthu akakhala pa benchi kunja kwa fiyeta. Chitseko chikatsekeka, maganizo a ife otsala panja amathamangira kwa dokotala amene wagwira mpeni. Tikamva kuti zonse zayenda bwino timathokoza iyeyo, ndipo dzina limene timakalitchula kumudzi ndi lake lomwelo. Koma m'chipinda muja mumakhalanso munthu wina amene ambiri a ife sitimudziwa ndi nkhope yomwe. Iyeyu amaima kumutu kwa wodwala. Ndiye amene amamugonetsa kuti asamve mpeni, amaonetsetsa kuti mpweya ukulowa m'mapapo pamene mwiniwake sangathe kupuma yekha, amayang'anira mtima ndi kuthamanga kwa magazi mphindi ndi mphindi, ndipo ntchito ikatha amamudzutsa.

Kuno kwathu udindo umenewu kawirikawiri uli m'manja mwa ma clinical officer amene anaphunzira mwapadera zogonetsa odwala, ambiri a iwo pa sukulu imene ili pa chipatala cha Gulupu mu mzinda wa Blantyre. Ku United States, dziko limene timangoti Amereka, gawo lalikulu la ntchitoyi limagwiridwa ndi anamwino. Namwino wotere amadziwika ndi zilembo zakuti CRNA, ndipo ali m'gulu la anamwino olandira ndalama zambiri zedi m'dzikomo. Mu 2023 malipiro apakatikati a ntchitoyi anali oposa madola 200,000 pa chaka.

Ena mwa mabanja athu ali ndi ana, alongo kapena alamu amene akugwira ntchito ya unamwino kumeneko, ndipo pakhomo pambiri fizi ya ana ndi thumba la feteleza zimadalira iwowo. Tsiku lina lamya ikhoza kulira, mwana n'kunena kuti: "Amayi, ndikufuna kubwerera ku sukulu, ndipo kwa zaka zitatu sindizitha kutumiza kangachepe." Mawu otere akamveka, mitima ya makolo imalumpha. N'chifukwa chake taona kuti n'kwabwino tifotokoze bwinobwino za njira imeneyi, kuti woyenda adziwe kutalika kwa ulendo wake, nawonso otsala pakhomo adziwe chimene akuvomereza.

Ntchito yakalekale

Pa 16 Okutobala 1846, pa chipatala cha Massachusetts General mu mzinda wa Boston, dokotala wa mano dzina lake William Morton anaonetsa pagulu kuti munthu akhoza kugonetsedwa ndi mankhwala otchedwa ether, n'kuchitidwa opaleshoni osamva ululu. Posakhalitsa madokotala a opaleshoni anazindikira kuti mankhwalawa akufunika munthu woikapo mtima wake wonse, wosatembenuka kukaonerera zimene mpeni ukuchita. Ambiri anapeza munthu wotereyo pakati pa anamwino.

Wotchuka kwambiri mwa anamwino oyambawo anali Alice Magaw, amene ankagwira ntchito ndi madokotala awiri apachibale a banja la Mayo ku Rochester, m'chigawo cha Minnesota. Iye ankadontheza ether pa kansalu kophimba mphuno ndi kamwa, kwinaku akulankhula ndi wodwala mofatsa mpaka tulo titabwera. Mu 1906 analemba lipoti la odwala oposa 14,000 amene anawagonetsa popanda ndi mmodzi yemwe womwalira chifukwa cha mankhwala ogonetsawo. Mu 1931 namwino wina, Agatha Hodgins, anasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa bungwe limene lero limadziwika kuti AANA, ndipo dzina lakuti CRNA linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1956.

Maphunziro a ntchitoyi akhala akukwera m'kupita kwa zaka. Kuyambira pa 1 Januwale 2022, aliyense wolowa sukulu ya CRNA amayenera kutuluka ndi digiri yapamwamba ya unamwino yotchedwa DNP kapena DNAP, ndipo maphunzirowo satenga miyezi yochepera 36. Tisasokoneze apa: namwinoyu si dokotala wa zachipatala. Ku Amereka kulinso madokotala ogonetsa odwala, ndipo m'zipatala zikuluzikulu magulu awiriwa amagwirira ntchito limodzi. Koma m'zipatala zambiri za kumidzi CRNA ndiye amene amapezeka, ndipo popanda iye mayi wovutika pobereka sangachitidwe opaleshoni pamalopo.

Khomo lolowera ndi limodzi

Sukulu za maphunzirowa zilipo zoposa 130, ndipo zonse zimayendera malamulo a bungwe loona za sukuluzi lotchedwa COA. Malamulowo amati wofuna malo akhale ndi digiri yoyamba ya unamwino kapena ya phunziro lina loyenera, akhale ndi chiphaso cha unamwino cha ku Amereka chopanda banga, ndiponso akhale atagwira ntchito kwa chaka chathunthu m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chimene achipatala amachitchula kuti ICU. Mfundo yachitatuyi ndiyo mtima wa nkhani yonse.

Munthu angafunse kuti, nanga chipinda chimenechi chili ndi chiyani choposa wodi ya amayi kapena ya ana? Yankho lili m'mankhwala ogonetsawo. Mankhwala monga propofol, oyera ngati mkaka, amagonetsa munthu mphindi imodzi isanathe, koma amatsitsanso kuthamanga kwa magazi ndipo akhoza kuimitsa kupuma. Pa maopaleshoni ambiri wodwala amapatsidwanso mankhwala ofooketsa minofu yonse, kuphatikizapo minofu yopumira. Zikatero wogonetsa uja ayenera kulowetsa kapaipi pakholingo mwamsanga n'kulumikiza ku makina opumira, pakuti ubongo ukasowa mpweya umayamba kuonongeka m'mphindi zochepa chabe. Kunena mwachidule, wogonetsa odwala amaika munthu dala pamalo oopsa, n'kumusunga pomwepo mpaka opaleshoni itatha.

Namwino wa ku ICU amakhala tsiku ndi tsiku ndi anthu amene matenda awafikitsa pamalo oopsa omwewo. Kawirikawiri amasamalira wodwala mmodzi kapena awiri basi, koma ndi odwala amene akupumira makina, amene ali ndi timapaipi m'mitsempha toyezera kuthamanga kwa magazi nthawi zonse, ndiponso amene mtima wawo ukuchirikizidwa ndi mankhwala a m'diripi monga norepinephrine. Mankhwala amenewa amaonjezeredwa kapena kuchepetsedwa pang'onopang'ono malinga ndi zimene namwino akuona. Pakati pa usiku, dokotala ali kwina, manambala a pa makina akayamba kutsika, namwino ndiye woyamba kuona, kuganiza chimene chalakwika ndi kuchitapo kanthu. Nzeru yotere siipezeka m'buku lokha. Sukulu ya CRNA ikhoza kuphunzitsa munthu kubaya jakisoni wa pamsana kapena kulowetsa kapaipi pakholingo, koma imafuna kuti abwere atazolowera kale kuganiza modekha pamene moyo wa munthu uli m'manja mwake.

Tsono chaka chimodzi chija ndi poyambira chabe. Ofunsira malo amachuluka kuposa mipando, ndipo ambiri amene amatengedwa amakhala atagwira zaka ziwiri, zitatu kapena kuposerapo. Sukulu zimayang'ananso mtundu wa ICU. Namwino wa pa chipatala chachikulu chimene chimalandira odwala a opaleshoni ya mtima kapena ovulala koopsa amakhala ataona zambiri kuposa wa pa chipatala chaching'ono chimene chimatumiza odwala ovuta kwina. Sukulu zambiri siziwerengera zaka za m'chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi kapena chipinda chotsitsimukira odwala akachoka ku fiyeta, ndipo zina zimakonda ICU ya akuluakulu kuposa ya makanda. Wanzeru amawerenga zofuna za sukulu iliyonse asanasankhe kokagwira ntchito, pakuti safunsa anadya phula.

Mapepala ofunika

Chinthu choyamba chimene aphunzitsi amatsegula ndi zotsatira za ku yunivesite. Kumeneko magiredi amawerengedwa pa muyeso wotchedwa GPA, umene pamwamba pake ndi 4.0. Sukulu zambiri zimati wochepera 3.0 asavutike n'kulemba, koma opikisana enieni amakhala pamwamba ndithu pa nambala imeneyi. Diso limagwa makamaka pa maphunziro a sayansi: kemisitiri, kagwiridwe ntchito ka ziwalo za thupi, ndi phunziro la mankhwala. Namwino amene anapunthwa pa maphunziro amenewa ali wachinyamata asataye mtima. Ambiri amalembanso phunziro limene analephera bwino, kapena amatenga phunziro limodzi la digiri yapamwamba n'kulikhoza, pofuna kuonetsa kuti munthu wa lero si wa dzana uja. Sukulu zina zimafunanso mayeso otchedwa GRE, ngakhale zambiri zinawasiya.

Chachiwiri ndi satifiketi ya CCRN, imene imaperekedwa kwa anamwino a odwala mwakayakaya akakhoza mayeso ake. Njira yodziwika yoyenerera kulemba mayesowa ndi kukhala utasamalira odwala otere kwa maola 1,750 m'zaka ziwiri zapitazo, ndipo maola 875 mwa amenewa akhale a chaka chomalizacho. Sukulu zina zimailamula, zina zimangoti n'kwabwino kukhala nayo, koma wopanda satifiketiyi amapikisana ndi anzake ambiri amene ali nayo. Pamafunikanso ziphaso za maphunziro afupiafupi otsitsimutsa munthu amene mtima waima, za akuluakulu ndi za ana.

Chachitatu ndi kutsatira CRNA pa ntchito yake kwa tsiku limodzi kapena masiku angapo, kungoima pambali n'kumaonerera. Izi zimathandiza wofunsira malo kudziwa ngati ntchitoyi ndi imene ankaiganizira. Ena akaona kuti wodwala wawo amakhala ali mtulo, ndipo akadzuka sakumbukira n'komwe amene anamusamalira, amazindikira kuti mtima wawo uli ku unamwino wocheza ndi odwala. Kuzindikira zimenezi usanalipire fizi ndi phindu lalikulu.

Kenaka pamabwera makalata a umboni, kawirikawiri atatu, ndipo imodzi imachokera kwa mkulu wa anamwino wa pa ICU imene munthuyo akugwirako ntchito. Apa ndi pamene khalidwe la tsiku ndi tsiku limabala zipatso. Namwino wochedwa ku ntchito, wothawa odwala ovuta, kapena wonyoza anzake, sangapeze kalata yabwino pa tsiku limodzi. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Pomaliza wofunsira malo amalemba yekha nkhani yaifupi yofotokoza chifukwa chimene akufunira ntchitoyi. Aphunzitsi amadziwa kale kuti malipiro ndi abwino. Chimene amafuna kumva ndi zimene munthuyo anaphunzira pambali pa bedi la wodwala.

Tsiku la mafunso

Amene mapepala awo akhutiritsa amaitanidwa kukayankha mafunso pamaso pa aphunzitsi angapo. Ambiri amati tsikuli ndilo lovuta kuposa zonse. Akhoza kuuzidwa kuti: "Tatiuzani za wodwala wodwalitsitsa amene mwamusamalira posachedwapa." Akangotchula mankhwala amene wodwalayo ankalandira, funso lina limatsatira: mankhwalawo amagwira pati m'thupi, n'chifukwa chiyani anasankhidwa amenewo osati ena, ndipo mukanachita chiyani akanapanda kuthandiza? Apa ndi pamene pamaonekera kusiyana kwa namwino amene ankangotsatira zolembedwa ndi dokotala ndi uja amene ankafunsa chifukwa chake.

Aphunzitsi amakonda kupitiriza mafunso mpaka munthu atafika pamene nzeru zake zathera. Cholinga si kumuchititsa manyazi ayi, koma kuona chimene amachita akafika pamenepo. Wonena poyera kuti "pamenepa sindikudziwa, koma ndikanaganiza motere" amakhulupirika kuposa wopeka yankho, pakuti ku fiyeta wopeka akhoza kupha munthu. Amafunsanso za tsiku limene munthu analakwitsa pa ntchito, za mkangano ndi dokotala, ndi za mmene banja lake lakonzekera zaka zikubwerazo.

Si onse amene amatengedwa ulendo woyamba. Kubwezedwa kumapweteka, makamaka kwa namwino amene pa wodi yake amatengedwa ngati katswiri. Koma ambiri amene lero ndi ma CRNA anayesa kawiri kapena katatu. Anafunsa pamene panaperewera, anasamukira ku ICU yovutirapo, anakonza magiredi, n'kubweranso chaka chotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Namwino wochokera kwathu

Kwa mwana wathu amene anaphunzira unamwino kuno, pali mfundo imodzi imene ambiri saidziwa, ndipo ikhoza kumutayitsa zaka. Malamulo a COA amawerengera ntchito ya ku ICU imene yagwiridwa m'dziko la Amereka, m'madera amene ali pansi pake, kapena m'zipatala za asilikali ake kunja. Choncho zaka zimene namwino anagwira mokhulupirika ku ICU ya ku Gulupu, ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ngakhale ya ku Mangalande kapena Johannesburg, zimamupatsa luso koma sizilowa m'chiwerengero. Wotchi imayamba kuyenda pa tsiku limene walowa ICU ya ku Amereka.

Asanafike pamenepo pali makwerero ena. Mapepala ake a sukulu amayenera kuunikidwa ndi mabungwe oona za anamwino ochokera kunja, monga limene kwa zaka zambiri lakhala likudziwika kuti CGFNS. Amayenera kukhoza mayeso a unamwino a m'dzikomo otchedwa NCLEX-RN, kupeza chiphaso cha chigawo chimene adzagwireko ntchito, ndiponso kukhala ndi chilolezo chokhalira ndi kugwira ntchito m'dzikomo. Amene ali ndi dipuloma yokha ayenera kuyamba wapeza digiri. Komanso anamwino ambiri obwera kumene sayambira ku ICU. Amayambira m'nyumba zosungira okalamba kapena m'mawodi wamba, ndipo zimatenga nthawi ndi khama kuti asamukire kumene akufuna. Tikaphatikiza zonsezi ndi zaka zitatu za sukulu, tikuona kuti uwu si ulendo wa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Sitikulemba izi pofuna kukopa anamwino athu kuti achoke. Tonse tikukumbukira momwe mawodi athu anasowera anthu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anamwino ambiri anapita ku Mangalande. Tikulembera amene ali kale kumeneko ndi abale awo, kuti asankhe ali maso.

Zaka zitatu zopanda malipiro

Tibwerere tsopano ku lamya ija. Sukulu ya CRNA imafuna munthu yense. Chaka choyamba chimadzaza ndi mabuku ndi mayeso. Kenaka wophunzira amalowa m'zipatala, kumene ayenera kukwanitsa maola osachepera 2,000 ndi kugonetsa odwala oposa 600 a mitundu yosiyanasiyana, ana, okalamba, amayi obereka ndi odwala mtima, moyang'aniridwa ndi akatswiri. Amafika ku fiyeta kusanache kukakonza zipangizo, ndipo madzulo amawerenga za odwala a mawa. Nthawi zina amatumizidwa ku chipatala cha mzinda wina kwa milungu ingapo. N'chifukwa chake sukulu zambiri zimalangiza mwamphamvu, ndipo zina zimaletsa kumene, kuti wophunzira asagwire ntchito ina. Akamaliza zonsezi pamatsala mayeso a dziko lonse, operekedwa ndi bungwe la NBCRNA, ndipo akakhoza amenewa m'pamene amatchedwa CRNA.

Pa zaka zonsezi ndalama zimatuluka osalowa. Fizi yokha pa sukulu zina imapitirira madola 100,000. Pamwamba pa apo pali lendi, chakudya ndi inshuwalansi ya chipatala, imene ku Amereka anthu ambiri amaipeza kudzera kwa owalemba ntchito, motero wosiya ntchito ayenera kuipeza mwa njira ina. Ophunzira ambiri amadalira ngongole, ndipo ngongole za boma zimaperekedwa kwa nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika ndi magulu ena ochepa, osati kwa aliyense. Anamwino ochenjera amayamba kusunga ndalama zaka ziwiri kapena zitatu asanalembe kalata, amagwira mashifiti oonjezera, ndipo amamaliza ngongole ya galimoto.

Apa ndi pamene banja limalowa m'nkhaniyi. Mnzake wa kusukulu wa mwana wanu mwina ali ndi makolo amene akumuthandiza. Mwana wanu ali ndi makolo, azing'ono ndi ana a malemu achimwene ake amene akuyang'ana kwa iye. Ambiri mwa ana athu amaopa ngakhale kuitchula nkhaniyi, poopa kumveka ngati aiwala kwawo. Ena amalowa sukulu koma n'kumagwirabe ntchito usiku mobisa kuti ndalama zisaleke kufika kumudzi, ndipo kutopa koteroko kumagwetsa munthu m'mayeso, n'kutsala ndi ngongole yopanda digiri.

Langizo lathu ndi lakuti nkhaniyi ikambidwe poyera, nthawi ikadalipo. Banja likhale pansi n'kulemba zinthu zimene mwanayo wakhala akulipira. Zina zikhoza kudikira, monga nyumba yomangidwa theka. Zina sizingadikire, monga mankhwala a agogo ndi fizi ya wa Fomu 4, ndipo zimenezi zigawidwe kwa abale ena kapena zisungiridwe ndalama pasadakhale. Ngati namwinoyo ali pa banja, mwamuna kapena mkazi wake adziwe kuti kwa zaka zitatu katundu wa ana ndi wa pakhomo adzalemera mbali yake. Mutu umodzi susenza denga. Nayenso mwana wopita ku sukuluyo anene zoona: kuti akhoza kubwezedwa ulendo woyamba, ndiponso kuti akamaliza, malipiro oyamba adzayamba athira ngongole asanafike kumudzi.

Kwa namwino amene mtima wake uli pa ntchitoyi tikuti, kukonzekera kwenikweni kuli pa shifiti ya usiku uno. Pemphani wodwala wovuta uja amene ena akumuzemba. Funsani dokotala chifukwa chimene wasinthira mankhwala, ndipo mukafika kunyumba katseguleni buku. Kwa makolo tikuti, mwana akadzabwera ndi nkhani imeneyi mumumvetsere mpaka amalize musanayankhe. Ndipo ife tonse, tsiku lina tikadzakhalanso pa benchi paja, chitseko chikadzatseguka, tidzafunseko za amene anaima kumutu kwa m'bale wathu, kuti nayenso timuthokoze.